Kafukufuku akatha, katunduyo apange ndani?

Mayi ena amene angomaliza kumene digiri yawo yachiwiri andilembera imelo yomwe yandikhala pamtima sabata yonseyi. Akuti pa kafukufuku wawo apeza kasakanizidwe ka masamba a zomera zakwathu konkuno, ndipo ufa wake ukumateteza nyemba kwa anankafumbwe kwa miyezi ingapo. Akufunsa kuti ndi bungwe liti lomwe lingawathandize kuti ufawo ufike pamsika, ndiponso akuti akuopa kufotokozera anthu chifukwa wina atha kuwabera nzeruzo. Mayi, funso lanu ndiliyankha, koma mundilole ndiyambe ndi zimene ndinaziona ndi maso angawa, chifukwa zimenezo n'zomwe zinandionetsa kuti mantha anuwo, ngakhale ali omveka, sindiwo amapha zinthu zambiri zotuluka m'malabotale a m'dziko muno.

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito ya utekinishani pa pulojekiti ina ya kafukufuku yomwe inkayendetsedwa ndi mabungwe angapo, ndalama zake zikuchokera kunja. Nkhani yake inali ya mankhusu a mpunga. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Jali, kapena kudutsa pa Songani ndi pa Domasi m'nyengo yokolola, anaonapo milu ya mankhusu kuseri kwa zigayo, ina ikufuka utsi usana ndi usiku chifukwa eni zigayo amangoiyatsa kuti malo apezeke. M'mawa womwewo mumakumananso ndi njinga zitasenza matumba a makala kutsika kuchokera mbali za ku Chingale, uku phiri lathu la Zomba likunka liyera. Funso la kafukufukuyo linali losavuta kulimva: kodi mankhusu otayikawa sangasanduke mabriketi oti mayi wa ku Matawale kapena ku Chikanda aziphikira m'malo mwa makala?

Makina oyamba tinatengera kapangidwe ka amene amagwiritsidwa ntchito ku Asia. Mkati mwake muli sikuluu yaikulu yomwe imakankha mankhusu m'paipi yotenthetsedwa ndi magetsi, mpaka atagwirana n'kutuluka ali ndodo yobowoka pakati. Pa pepala zonse zinkaoneka bwino. Vuto n'lakuti mankhusu a mpunga sali ngati utuchi wa matabwa, chifukwa pafupifupi 20 pa 100 ya kulemera kwake ndi phulusa, ndipo phulusalo pafupifupi lonse ndi silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga. Choncho sikuluu ija inkadyeka mofulumira, moti tinkaimasula pafupipafupi n'kuikweza pa kabaza kupita nayo kwa bambo ena owotcherera zitsulo ku Chinamwali, kuti akaiunjikire marodi olimba m'mano mwake n'kuisalazanso. Nthawi zambiri tikabwera nayo tinkapeza magetsi atazima, ntchito n'kugonanso.

Bambo amenewa ndiwo anaipulumutsa ntchito yathu, ngakhale dzina lawo silinalembedwe pa chikuto cha lipoti lililonse. Shedi yawo inali ya malata akale, pakhomo atayedzekapo mafelemu a zitseko ndi mawindo odikira eni ake, ndipo chotchingira kumaso powotcherera chinali chong'aluka, chomangidwa ndi waya. Tsiku lina, atatopa ndi kukonza chitsulo chimodzimodzi, anandifunsa chifukwa chimene tinkalimbanirana ndi mankhusu aawisi pamene tikanatha kuyamba tawaotcha pang'onopang'ono mu mgolo wotseka mpweya, monga amachitira ootcha makala, kenako n'kuwasinja, kuwasakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti agwirane, n'kuwapanikiza popanda injini. Njira imeneyi inalipo kale m'madera ena, koma chopanikizira chimene iwo anapanga chinali chawochawo. Anadula mapaipi aafupi n'kuwawotcherera pa chitsulo chafulati, pansi anaikapo jeke ya galimoto yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndipo anapeza njira yoti mabriketi onse azituluka kamodzi popanda kugumuka m'mbali. Sichinkafuna magetsi, ndipo chitsulo chilichonse chimene chinali pamenepo chinkapezeka mu Zomba momwemuno.

Mabriketiwo tinawapereka kwa anyamata a pa chiwaya ndi amayi okazinga mandasi kufupi ndi msika waukulu, ndipo iwo sanatinyengerere. Anati amachedwa kukolera, ndipo phulusa limachuluka mpaka kutseka mabowo a mbaula, koma akakolera amakhalitsa komanso sathetheka. Mayi ena anatiuza kuti akaika makala ochepa pansi n'kusanjika mabriketi pamwamba, moto umagwira bwino ndipo thumba la makala limawafikitsa patali. Tinasintha kukula kwa bowo la pakati, tinachepetsa phala, tinaonjezera fumbi la makala lomwe ogulitsa amangolisesa n'kutaya, ndipo zinafika poti anthu omwe aja anayamba kutifunsa okha kumene angamakagule.

Kenako pulojekiti inatha. Panachitika mwambo wotsekera, alendo anabwera, zithunzi zinajambulidwa, lipoti linasindikizidwa pa pepala lonyezimira, ndipo makina onse, kuphatikizapo chopanikizira cha bambo aja, analembedwa mu kaundula wa katundu n'kutsekeredwa m'chipinda. Patapita nthawi bambowo anabwera, atavala malaya awo a kutchalitchi, kudzapempha chilolezo choti azipanga zopanikizirazo n'kumagulitsa kwa magulu a amayi, poti pa nthawi yomwe ankatigwirira ntchito anasainitsidwa pepala lonena kuti zonse zopangidwa pa pulojekiti ndi za pulojekiti. Ndinayenda nawo m'maofesi. Palibe amene anawakaniza, ndipo palibenso amene anawalola. Wina ankati mwini wake ndi bungwe lomwe linapereka ndalama, wina ankati ndi bungwe lomwe linkatsogolera kafukufuku, winanso ankati nkhaniyo ikufunika loya, koma ndalama yolipirira loya inali itatha limodzi ndi pulojekiti. Mgwirizano wa mabungwe aja unali ndi masamba ambiri onena za magalimoto, maalawansi ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse, koma za mwini wa luso lomwe lingatulukepo, ndi za amene ali ndi mphamvu yopatsa munthu wina chilolezo choligwiritsa ntchito, munalibe ngakhale mzere umodzi. Bambo aja ndi munthu woopa malamulo, choncho anabwerera ku mafelemu a zitseko. Chopanikiziracho ndinachiona komaliza chitachita dzimbiri, jeke yake itachotsedwa.

Nkhani imeneyi imandiwawabe mpaka lero, n'chifukwa chake imelo yanu yandikhudza chonchi. Taonani, mayi, kuti pamenepa panalibe wakuba. Luso linalipo, wopanga analipo, ogula analipo ndipo ankachita kufunsa okha, koma panalibe munthu ngakhale mmodzi amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, yomwe amalandirira malipiro pakutha pa mwezi, inali yolumikiza zinthu zitatuzi ndi kusaina pepala. Ndikunena motsimikiza kuti mwa zinthu zomwe ndaziona zikufa kafukufuku atatha, zambiri zinafa imfa imeneyi. Wofufuza amakwezedwa pantchito chifukwa cha zimene wasindikiza m'magazini a sayansi, wopereka ndalama amakhutira ndi lipoti lomaliza, ndipo wophunzira akangovula gauni amayamba kusaka ntchito. Aliyense amakhala atachita zomwe anatumidwa, ndipo chinthu chija chimatsala ngati mbande za mpunga zomera bwino pa nazale koma zopanda woziwokera m'munda, zomwe zimangothinana pompo mpaka nyengo itadutsa.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti izi ndikuzilemba ndili ku Zomba, kumene anthu ambiri amadyera kafukufuku. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo lero ndiyo University of Malawi kuchokera pamene makoleji ena anaima paokha mu 2021. Konkuno kuli Forestry Research Institute of Malawi, National Herbarium and Botanic Gardens, likulu la Geological Survey, malo a kafukufuku wa ulimi a Makoka kufupi ndi Thondwe, komanso National Aquaculture Centre ku Domasi. Zabwino zatulukamo ndithu. Ku Makoka n'kumene anayesera kwa zaka zambiri, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzala chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia yobwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amayi anaphunzira kuumitsa matemba m'matenti a pulasitiki otentha ndi dzuwa m'malo moyanika pansi. Koma mutalowa mumsika wa Zomba n'kuyamba kufunsa kuti ndi katundu uti pa mabenchiwo amene anayambira m'labotale, n'kumapangidwa ndi kampani yomwe ikubwezera wofufuzayo kangachepe, mungayende mizere yambiri musanapeze wokuyankhani.

M'maiko omwe anaiganizira bwino nkhaniyi, yunivesite kapena bungwe la kafukufuku limakhala ndi ofesi yapadera yosamutsa luso kuchoka m'labotale kupita kwa opanga katundu, ndipo ntchito yake ndi yooneka ndi maso. Wofufuza akapeza chinthu amadzaza fomu yofotokoza chomwe wapezacho, anthu amene anagwira nawo ntchito, ndi kumene kunachokera ndalama. Ofesiyo imafufuza ngati chinthucho n'chatsopanodi, imawerengera mtengo wochipangira, imaona ngati n'koyenera kuwonongerapo ndalama ya patenti (chikalata cha boma choletsa ena kupanga chinthucho popanda chilolezo cha mwini wake), kenako imatuluka kukasaka kampani yoti izichipanga n'kukambirana nayo laisensi yonena kuti pa katundu aliyense wogulitsidwa, ndalama yakutiyakuti izibwerera kwa eni luso. Pakasowa kampani, imathandiza wofufuzayo kuyambitsa yake. Bambo aja a ku Chinamwali ankangofuna chochepetsetsa pa zonsezi, kalata ya tsamba limodzi yokhala ndi chidindo.

Ku America zinthu zinasintha mu 1980 ndi lamulo lotchedwa Bayh-Dole. Lamuloli lisanabwere, luso lotuluka pa kafukufuku wolipiridwa ndi boma nthawi zambiri linkakhala la boma, ndipo boma linali ndi mapatenti pafupifupi 28,000, koma osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo anali ataperekedwa kwa makampani kuti awagwiritse ntchito. Lamulolo linalola mayunivesite kukhala eni a luso lotere, n'kuwasenzetsanso udindo woyesetsa kuti lusolo ligwire ntchito komanso wogawana phindu ndi wofufuza. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha Stanley Cohen wa ku Stanford ndi Herbert Boyer wa ku University of California, amene anapeza njira yodula ndi kulumikiza DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga chibadwa cha zamoyo. Patenti yawo inatuluka mu 1980, ndipo ofesi ya ku Stanford sinaitsekere m'manja mwa kampani imodzi, koma inalola makampani oposa 400 kuigwiritsa ntchito pa mtengo wofikirika, mpaka inabweretsa madola oposa 250 miliyoni isanathe mphamvu mu 1997. Sindikuyembekeza ndalama zotere kuno, poti ngakhale ku America komweko maofesi ambiri a mtunduwu sapeza zokwanira kudzilipirira okha. Chomwe ndimatengapo n'chakuti anthu aja anafuna kuti lusolo lifike m'manja ambiri, ndipo panali munthu wolembedwa ntchito yokalifikitsako.

Pafupi nafe, dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 2008, ndipo kuchokera pamenepo panabwera ofesi ya NIPMO yoyang'anira umwini wa luso lochokera ku ndalama za boma. Kulinso Technology Innovation Agency, yomwe imathandiza ndi ndalama pa gawo lovuta lija, pamene chinthu chatuluka m'labotale koma sichinafike poti banki ingachikhulupirire. Chomwe ndimasirira m'lamulo lawo n'chakuti linalemba manambala: wofufuza amalandira zosachepera 20 pa 100 za ndalama zoyambirira zokwana marandi 1 miliyoni, ndipo pambuyo pake zosachepera 30 pa 100 za zotsala akachotsera zomwe zawonongedwa. Munthu amene akudziwa gawo lake asanayambe alibe chifukwa chobisira mu dirowa chomwe wapeza. Ku Kenya nako lamulo la 2013 linakhazikitsa Kenya National Innovation Agency.

Kwathu kuno maziko alipo, ndipo sikungakhale chilungamo kulankhula ngati kulibe kalikonse. National Commission for Science and Technology (NCST), yomwe ili ku Lilongwe, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009. Imalangiza boma, imapereka ndalama za kafukufuku, ndipo kusamutsa luso ndi mbali imodzi ya ntchito zake. Mu 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza umwini wa luso ndi nzeru. Ku MUST kuli Industrial Research Centre, ku MUBAS kuli UniPod, malo othandizidwa ndi UNDP okhala ndi zipangizo zopangira zitsanzo zoyambirira za katundu, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu. Komabe kwa zaka zoposa 60 takhala tikuyendera lamulo la mapatenti lochokera m'nthawi ya chitaganya, ndipo maganizo anga, omwe sindibwerera nawo m'mbuyo, ndi akuti tazolowera kuyeza chitukuko cha luso ndi zionetsero. Chaka ndi chaka achinyamata amaima kuseri kwa matebulo okutidwa ndi nsalu, mlendo wolemekezeka amadutsa n'kugwira chinthucho, mphoto imaperekedwa, ndipo madzulo chimapakiridwanso m'katoni. Bungwe lililonse lomwe limati limathandiza kufikitsa kafukufuku pamsika liyenera kufunsidwa funso limodzi pakutha pa chaka: ndi zinthu zingati zomwe zikupangidwa ndi kugulitsidwa lero ndi munthu amene sanali pa pulojekiti ndipo salandira alawansi? Misonkhano, maphunziro a m'mahotela a kunyanja ndi timabuku ta ndondomeko zisawerengedwe nawo pa yankholo.

Umboni woti zimatheka uli m'zipatala zathu. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti azipuma bwino, anapangidwa ndi a ku Rice University ya ku Texas mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi College of Medicine. Oyambirira ankagwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba ndi botolo la madzi lochita thovu. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti mwa makanda ovutika kupuma, 71 pa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene analandira okisijeni wa m'mphuno yekha. Nkhani ikanathera pamenepo, likanangokhala pepala labwino. Koma panapezeka kampani ya ku California, 3rd Stone Design, yomwe inatenga laisensi n'kukonza makinawo kuti azipangidwa ambiri ofanana, avomerezedwe ndi oyang'anira zipangizo za chipatala, komanso zida zosinthira zizipezeka. Gawo limeneli ndilo linawafikitsa m'zipatala za m'maboma muno ndi m'maiko ena. Ndimanyadira makinawa, ngakhale mtima umafunsabe kuti zidzatheka liti kuti kampani yotenga laisensi yotere idzakhale ya ku Makata kapena ku Kanengo.

Chitsanzo china chikukukhudzani mwachindunji, mayi, chifukwa ndicho mudzapikisane nacho. Matumba a PICS anachokera ku kafukufuku wa Purdue University wosunga khobwe ku Cameroon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Nzeru yake ndi yapafupi: matumba awiri a pulasitiki yokhuthala mkati, thumba lolukidwa kunja, lililonse kumangidwa palokha, mpweya n'kutha, tizilombo n'kufa popanda mankhwala. Anafala chifukwa kuyambira mu 2007 panali anthu olembedwa ntchito yopeza mafakitale a pulasitiki m'maiko a mu Africa, kuwapatsa chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo malinga atsatire muyezo, kupeza ogulitsa m'matauni ang'onoang'ono, ndi kukamanga matumba m'midzi n'kudzawamasula pamaso pa anthu patapita miyezi. Mlimi wa ku Thondwe akamadzaganiza zogula ufa wanu adzauyerekeza ndi thumba limeneli, lomwe angaligwiritse ntchito nyengo zingapo, komanso ndi Actellic amene anamuzolowera kale.

Za mantha oti akuberani nzeru

Mantha anu ali ndi pogwira. Patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano chomwe sichinaululidwe kwa anthu, choncho mwayi wanu ungawonongeke msanga ngati mutasindikiza kasakanizidwe konse m'magazini ya sayansi, kukakafotokoza pa chionetsero, kapena kulola kuti buku lanu la digiri liikidwe pa intaneti musanapereke pempho. Pempholo limapita ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, kapena ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za mapatenti lomwe lili ku Harare, kumene pansi pa pangano la Harare Protocol la 1982 pempho limodzi limatha kukutetezani m'maiko angapo omwe mwasankha. Mukapereka pempho loyamba mumakhala ndi miyezi 12 yoti mupemphenso m'maiko ena mogwiritsa ntchito deti loyambalo. Koma dziwani kuti patenti imadya ndalama: yolembetsera, ya katswiri wolemba pempholo, ndi yolipira chaka ndi chaka, ndipo wina akakuberani boma silidzamutengera ku khoti m'malo mwanu. Dziwaninso kuti popempha patenti mumaulula njira yonse, chifukwa pangano lake n'lakuti inu muuze dziko, dzikolo n'kukutetezani kwa zaka zowerengeka. Pa katundu wambiri waung'ono, dzina ndi chizindikiro cholembetsedwa, pamodzi ndi kusunga chinsinsi cha kapangidwe kudzera m'mapangano osainirana, zimateteza bwino pa mtengo wotsika.

Nanga nzeruyo ndi ya yani?

Funso ili simunandifunse, koma ofesi iliyonse yodziwa ntchito idzakufunsani kumene munatenga nzeru yoti masamba amenewa amathamangitsa anankafumbwe. Agogo athu akhala akusakaniza nyemba ndi phulusa, tsabola ndi masamba owawa kuyambira kalekale, ndipo chomwe anthu ankachidziwa kale sichisanduka chatsopano chifukwa choti chalembedwa m'buku la digiri. Mu 2000 ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya inafafaniza patenti ya mankhwala oteteza mbewu ku chuku ochokera ku mtengo wa nimu, anthu a ku India atapereka umboni woti njirayo inkagwiritsidwa ntchito kwawo kale, ndipo chigamulocho chinatsimikizidwa mu 2005. Ku South Africa bungwe la boma la kafukufuku la CSIR linatenga patenti yokhudza chomera cha hoodia chimene anthu a mtundu wa San ankatafuna pochepetsa njala, ndipo mgwirizano wogawana nawo phindu unadzasainidwa mu 2003, madandaulo atamveka kale. Mu Meyi 2024 maiko a m'bungwe la WIPO, loona za umwini wa luso ndi nzeru padziko lonse, anagwirizana pangano loti wopempha patenti aziulula kumene kwachokera zomera ndi nzeru za makolo zimene wagwiritsa ntchito, ndipo dziko la Malawi ndilo linali loyamba kulivomereza, mu Disembala chaka chomwecho. Ngati amayi a m'mudzi wina ndiwo anakulozerani masambawo, alembeni tsopano m'mapepala anu, ndipo gawo lawo likambidwe ndalama isanaoneke. Ndinaona mmene zimakhalira munthu amene anabweretsa nzeru yeniyeni akasiyidwa kunja, ndipo sindikufuna kuti zimenezo zidzachitikenso kudzera m'manja mwanu.

Chatsopano chanu, ngati chilipo, chidzakhala pa muyezo, kaumitsidwe ndi kasakanizidwe, ndipo pomwepo m'pamene wopanga katundu adzakupanikizeni ndi mafunso. Ofufuza omwe anayeza ombwe wochokera m'minda ya ku Malawi, uja asayansi amamutcha Tephrosia vogelii, anapeza kuti pali mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wokhala ndi mphamvu yopha tizilombo ndi wina wopanda mphamvuyo. Kodi masamba othyoledwa ku Malosa mu Epulo adzagwira ntchito mofanana ndi othyoledwa ku Mayaka mu Okutobala? Kodi ufawo umakhala miyezi ingati pa shelefu usanasukuluke? Nanga chotsalira pa nyemba chili ndi vuto lanji kwa mwana amene adzadye ndiwozo? Chinthu chochokera ku zomera chimathanso kuvulaza, poti ombwe yemweyo anthu amaphera nsomba.

Tsono yambirani pa yunivesite yomwe mwaphunzira. Pemphani ndondomeko yawo ya umwini wa luso, muwerengenso mgwirizano wa amene analipira kafukufuku wanu, ndipo mukhale pansi ndi aphunzitsi omwe anakuyang'anirani kuti zilembedwe kuti mwini ndani ndipo gawo la aliyense ndi lotani. Buku lanu la m'labotale likhale ndi madeti, ndipo aliyense wofuna kuona kapangidwe asaine kaye pangano losunga chinsinsi. Mukatero lemberani ku NCST kufunsa za thandizo loyesera ufawo pa mlingo waukulu, ndipo za patenti ndi dzina la katundu mufunse ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti. Popeza ndi mankhwala ophera tizilombo, simungawagulitse asanalembetsedwe ku Pesticides Control Board, ndipo kuti alangizi a boma awafalitse kwa alimi ayenera kudutsa ku Agricultural Technology Clearing Committee ya unduna wa zaulimi. Za muyezo ndi zolemba pa paketi ndi za Malawi Bureau of Standards, pamene bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono lingakuthandizeni pa kayendetsedwe ka bizinesi. Musadikire kuti zonsezi zithe musanayambe kusaka kampani kapena gulu loti lizipanga ufawo, ndipo pa ofesi iliyonse mufunse dzina la munthu amene atsatire nkhani yanu ndi tsiku loti mudzabwerenso.

Mukadzandilemberanso, kasakanizidweko musanditumizire. Munditumizire mtengo wotetezera thumba limodzi la nyemba la makilogalamu 50 kwa miyezi 6, mutawerengera kuthyola, kuumitsa, kugaya, paketi ndi phindu la wogulitsa, kuti tidzauike pambali pa mtengo wa Actellic ndi wa thumba la PICS.